Chipale Chimene Sona Anachidikira

Mlongo wanga Sonaullah Wagay, amene pa Tangmarg pano aliyense amangomuitana kuti Sona, anabadwa pa 9 Malichi 1956, ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. M'mawa umenewo chipale chofewa chinali chitatseka chitseko, moti mzamba analowera pawindo. Ine ndinapitiriza sukulu mpaka kukhala mphunzitsi. Sona anaithawa ali m'kalasi yachinayi, n'kukwera ku Gulmarg kumene alendo amabwera kudzatsetsereka pa chipale. Kuyambira pamenepo chakudya chake chimagwa kuchokera kumwamba, chikafuna kugwa.

Ntchito yake yoyamba inali yopondaponda. Masiku amenewo kunalibe makina osalaza malo otsetserekapo. Amuna ankaima mzere atagwirana mapewa, n'kumaponda chipale phazi ndi phazi kuchokera m'tsinde mpaka pamwamba kuti chilimbe. Pa mzere umenewo phewa lake lamanja linkagwiridwa ndi mnyamata wamtali, wa pakamwa posatopa, dzina lake Khazir Magray. Kenako onse awiri anayamba kukoka alendo pa zileyi zamatabwa. Pa 14 Febuluwale 1998 chileyi chinamugubuduzikira Sona n'kumuthyola bondo, ndipo phiri analisiya. Anatsikira kuno kumunsi, pamene msewu umayambira kukwera, n'kuyamba ntchito imene akugwirabe mpaka lero: kumanga matcheni ku matayala a galimoto zopita ku Gulmarg kuti zisaterereke. Patatha zaka ziwiri Khazir naye anatsika, n'kutsegula kasitolo kobwereketsa majombo ndi majasi kwa alendo, tsidya lina la msewu womwewo, kuyang'anizana ndi benchi ya Sona. Ankati wabwera kudzaonerera mnzake akugona pansi pa galimoto za eni.

Kwathu kuno, chipale choyamba cha chaka chikagwa, munthu amatapako pang'ono n'kuchibisa, kaya m'pepala ngati mphatso, kaya m'kambaula kamene timafungatira m'kati mwa mkanjo, n'kukapatsa mnzake. Mnzakeyo akalandira osazindikira, wagwa. Wogwayo amagula harisa, nyama ija yophikidwa mpaka kusungunuka ngati phala, n'kudyera limodzi m'mbale imodzi. Ambiri timasiya masewera amenewa tikakwatiwa kapena kukwatira. Sona ndi Khazir anawayamba mu 1972 ndipo sanawasiye. Mu 1981 Khazir anachibisa m'kati mwa buledi. Mu 1994, chaka chimene kunalibe mlendo ndi mmodzi yemwe ndipo mumsewu munali asilikali okhaokha, Sona anachiika m'nsapato n'kunena kuti yang'ambika, aisoke. Mu 2009 Khazir anandinyenga ine amene, kundipatsira botolo la mankhwala a bondo kuti ndikampatse mlongo wanga. Anali ndi malamulo awoawo: chipalecho chikhale chatsopano, chogwa pa Tangmarg pano osati chotengedwa kuphiri, ndipo chifike m'manja mwa mnzako chisanasungunuke.

Chaka chathachi, pa 8 Okutobala, Khazir anakwatitsa mwana wake womaliza. Pa ukwati timadya anthu anayi pa mbale imodzi yaikulu yamkuwa, ndipo amene wakhala nawo pa mbale anthu amawakamba mpaka chaka chitembenuke. Sona anavala mkanjo watsopano. Atafika anamulozera tenti ya panja, pa mbale ya madalaivala atatu a ku Srinagar amene sankawadziwa n'komwe, pamene Khazir anali m'nyumba ndi eni mahotela. Sona anasamba m'manja, anayang'ana mpungawo, anadzuka, napita kwawo osaukhudza. Mawa lake anakhala pa benchi yake, Khazir anatsegula sitolo yake, ndipo palibe amene anapereka moni.

Ine ndimadutsa pakati pawo tsiku lililonse popita kukagula buledi, choncho ndinasanduka mtenga.

"Achemwali, mukawauze a majombo kuti galu wawo wakodzera matcheni anga."

"Galuyo si wawo," ndinatero.

"Amagona pakhomo pawo."

Khazir anamva zonse, pakuti msewuwo ngwopapatiza. Sanamuyang'ane Sona, anayang'ana ine. "Aphunzitsi, muwauze kuti galuyo ndi wanzeru. Amasankha zinthu zopanda ntchito."

Zopanda ntchito zinalidi. Mu Novembala chipale chinangowaza pamwamba pa Apharwat, phiri lalitali la kuseri kwa Gulmarg, n'kuleka. Pa 21 Disembala, tsiku limene masiku makumi anayi a chisanu chachikulu amayamba, kumwamba kunali mbee. Kuzizira kokha ndiko kunabwera. Mapaipi anauma, madzi a m'ndowa ankalimba ngati mwala, koma pansi panali fumbi, ndipo malo otsetserekapo anali udzu wofiira umene mahatchi ankadya ngati ndi Seputembala. Matcheni a Sona analendewera pa misomali mpaka anayamba dzimbiri. Ankawapaka mafuta m'mawa uliwonse, n'kuwabwezera pa misomali yomweyo.

Alendo ankabwerabe, amene anali atalipiriratu mahotela miyezi yapitayo. Ankatsika m'galimoto n'kumayang'ana mapiri ngati munthu amene waitanidwa ku phwando n'kupeza mapoto otsuka. Tsiku lina bambo wina wa ku mzinda wa Surat, ali ndi ana atatu ovala magolovesi, anamufunsa Sona ngati matcheni akufunika.

"Mukafuna phokoso, ndikumangirani," anatero Sona. "Msewu ngwouma mpaka kumwamba."

Bamboyo anawoloka. Khazir anamulandira ndi manja awiri, n'kumuveka majombo iye ndi ana onse, akuti pamwamba penipeni chipale chilipo, ngakhale chochepa.

"Achemwali," anatero Sona mokweza, "mwaona majombo a fumbi?"

"Aphunzitsi, muwauze kuti ana abwera kudzajambulitsa zithunzi. Chithunzi sichifunsa kuti pansi pali chiyani."

Ndinawasiya ndi kupita kukagula buledi wanga. Ndinaphunzitsa ana a zaka zisanu ndi ziwiri kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo amenewo ukawagwira makutu amagwirana chanza.

Pa 6 Januwale mpongozi wa Khazir anandiuza nkhani pa mpopi. Chifuwa cha apongozi ake chinali chitafika poipa, ndipo dokotala anati utsi wa mbaula ndi mphepo ya kuno ziwamaliza. Mwana wawo wamkulu, Irshad, amene amagwira ntchito ku mzinda wakutali wa Hyderabad, anali atagula kale matikiti a pa 24 Januwale. Sitolo itsekedwa, majombo agulitsidwa. Sunali ulendo wobwerera.

Ndinapita pa benchi ya Sona n'kumuuza motsitsa mawu. Anapitiriza kupukuta tcheni.

"Wamva zimene ndanena?"

"Ndamva."

"Ndiye woloka. Ukangoti salamu, basi. Pakamwa sipang'ambika."

"Ndiwoloke ine? Amene anakhazikidwa ndi madalaivala ndi ndani, achemwali? Ine ndinamunyamula munthu ameneyu pamsana kuchokera kuphiri ku Khilanmarg atathyoka nthiti. Pa ukwati wa mwana wake ndikhale ndi anthu ondifunsa dzina?"

"Nanga ukudikira chiyani? Iyenso sawoloka. Mumafanana ngati mbuzi za khola limodzi."

Anangokweza maso kumwamba, n'kunena kuti: "Chipale chigwa."

Pamenepo ndinamvetsa. Chipale chikagwa, palibe amene apepese. Mmodzi angopatsa mnzake kaphukusi, winayo angolandira, ndipo lamulo liwakhazika pa mbale imodzi popanda wina kugonja. Mlongo wanga anali ataika ubwenzi wa zaka makumi asanu m'manja mwa mitambo, ndipo mitambo kunalibe.

Anayamba kuyang'ana zizindikiro ngati mlimi. M'mawa ankayamba wayang'ana nsonga ya Apharwat asanasambe kumaso. Ankamvera wailesi, n'kuitukwana, n'kuitsegulanso. Bondo lake, limene limawawa chipale chisanagwe, ankalisisita n'kumalifunsa ngati mwana wosafuna kuyankhula. Lachisanu pa 12 Januwale amuna onse anatuluka kukapemphera pabwalo kuti Mulungu atsitse chipale, poti si a matcheni okha amene ankalira: akasupe anali akuphwa, ndipo eni minda ya maapozi ankadziwa kuti chilimwe chidzawapeza opanda madzi. Anthu anandiuza kuti pothithikana, Sona ndi Khazir anapezeka pa mzere umodzi, phewa ndi phewa. Pomaliza pemphero munthu amatembenuzira nkhope kumanja n'kupereka salamu, kenako kumanzere. Kumanja kwa Sona kunali Khazir.

"Ndiye mwapatsana moni," ndinatero madzulo ake.

"Umenewo ndi wa angelo. Sauwerengera."

Pa 17 Januwale kunabwera mitambo. Inatsika mpaka kuphimba mitengo ya paini, mphepo inaleka, ndipo msewu wonse unakhala chete. Cha m'ma 11 koloko tinthu toyera tinayamba kugwa, kamodzikamodzi, ngati phulusa la moto wa kutali. Ndinali pakhomo pa wophika buledi ndipo ndinaona ndi maso anga. Sona anathamangira kuseri kwa benchi, akutsimphina, n'kutambasula nyuzipepala pansi. Tinthu tija tikagwera papepala tinkangosiya kadontho. Anagwada n'kumayesa kutisonkhanitsa ndi chala. Atadzutsa mutu, anaona Khazir ataima pakhomo pa sitolo yake, jombo limodzi ali nalo m'manja, atalilozetsa kumwamba ngati mbale yopemphera. Anayang'anana. Khazir anayamba kugwedeza jombolo ngati akuchotsa mwala, Sona anayamba kuwerenga nyuzipepala yonyowayo. Pasanathe ola dzuwa linatuluka.

Tsiku limenelo ndinakalipa. Ndinamuuza Sona kuti ngakhale khanda laona kuti mnzakeyo akufuna zomwe iye akufuna. Anati akanakhala kuti akufuna akanawoloka. Ndinawoloka ine, n'kumuuza Khazir zomwezo. Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati, "Aphunzitsi, munthu amene anachoka pa ukwati wa mwana wanga osadya, anthu onse akuona, ndikamugwadire ndine?"

Pa 23 Januwale benchi ya Sona inali yopanda munthu. Anabwera kwanga madzulo dzuwa lisanalowe, milomo itachita bii, atanyamula fulasiki yaikulu ya tiyi. Anali atakwera ngolo zoyenda pachingwe mpaka pamwamba pa Apharwat, kumene anali asanapondeko chithyokereni bondo, n'kutsetserekera m'kachigwa kosafika dzuwa. Anatsegula fulasikiyo n'kundionetsa. Chinali chipale, inde, koma cholimba, cha timibulu ngati mchere wa m'thumba, chotuwa ndi fumbi.

"Ichi n'cha Novembala," ndinatero.

"Mwadziwa inu chifukwa mumasunga tsiku la chilichonse. Iyeyo maso anatha."

"Lamulo lenu lija?"

"Achemwali, mawa akupita."

Anaisiya fulasikiyo panja pa windo langa kuti mkazi wake asamufunse mafunso.

M'mawa wa pa 24 ndinamuperekeza, poti nanenso ndinkafuna kutsanzika. Anali atatenga kambaula katsopano, koluka bwino ndi nsungwi zofiira ndi zobiriwira, n'kudzazamo chipale chija, pamwamba n'kuwaza phulusa kuti kaoneke ngati kali ndi makala. Kwa Khazir galimoto inali itaima kale, Irshad akumangirira masutikesi padenga lake. Khazir anali atakhala pa mpando pakhonde, atafunda bulangeti, achibale atamuzungulira. Ataona Sona akulowa pachipata, onse anatembenukira kwa iye.

Sona sanapereke moni. Anangotambasula dzanja. "Ka panjira. Msewu wa ku bwalo la ndege ngwozizira."

Khazir anakayang'ana kambaulako. Munthu amene wafungatira mbaula kuyambira ali mwana amadziwa ili patali ngati ili ndi moto. Anakalandira ndi manja awiri n'kukalowetsa m'bulangeti.

"Chipale chatsopano chili pa iwe," anatero Sona.

Khazir anatulutsa kambaulako, anapalasa phulusa ndi chala, n'kutola timibulu tija. Anatifikisa pakati pa zala. Ndinamuona akuyang'ana timibuluto, ndipo ndinamuona akusankha chonena.

"Wandigwira, wamatcheni," anatero. "Ndagwa. Irshad, tsitsa kaye manja. Tikudutsira kwa wa harisa, ndikadye ndi munthu uyu."

Mtima wanga unakhala pansi. Mpongozi uja anayamba kupukuta misozi. Irshad anayang'ana wotchi, n'kunena kuti mphindi makumi awiri zilipo. Chinatsala n'chakuti Sona atseke pakamwa n'kukwera galimoto.

"Wachiona bwino?" anafunsa Sona.

"Ndachiona. N'choyera."

"Si choyera. Tayang'ananso."

"Sona," ndinatero ine.

"Dikirani, achemwali. Munthu uyu waponda chipale zaka makumi awiri. Akudziwa kuti ichi n'cha Novembala. Akudziwa kuti pa Tangmarg sipanagwe kanthu. Ndiye akundilola kupambana ngati mwana wa mlendo wovala majombo pa fumbi." Anatembenukira kwa Khazir. "Ukundimvera chisoni, eti? Poyamba unandikhazika panja ngati wopempha, lero ukundiponyera harisa ngati wopempha."

"Wabweretsa wekha chipale chakuba," anatero Khazir, nkhope ikufiira. "Ine ndachilandira. Ukufunanso chiyani, ndichiphike?"

"Ukanati, 'Sona, wabera.' Ndi zimene ukananena chaka china chilichonse."

"Chabwino. Wabera. Ndiwe wakuba wopunduka bondo, wokwera phiri lonse kukaba madzi owuma. Wakhuta?"

"Ndiye sunagwe. Harisa palibe."

"Ndagwa ndanena."

"Sungagwe ndi chipale chakale. Lamulo unaika ndiwe, mu 1975."

"Mu 1976," ndinatero ine, ndipo onse awiri anandiyang'ana ngati ndalavulira m'mbale.

Apa m'pamene nkhani ya ukwati inatuluka, pamaso pa ana ndi adzukulu. Khazir anati amene anakonza malo ndi ana ake, iye sanadziwe, ndipo atamva anatuluka yekha atanyamula nthuli yaikulu yomaliza m'manja kukamufuna, n'kupeza madalaivala atatu akudya gawo la munthu wachinayi. Sona anati limenelo ndi bodza la a majombo, mwini nyumba amadziwa pamene mlendo aliyense wakhala. Khazir anati mlendo weniweni sadikira kulozeredwa, akanangolowa m'nyumba n'kukankha mwini hotela mmodzi. Sona anati iye si galu wolowa posaitanidwa. Khazir anati galu ali bwino, amabwerako mawa lake akugwedeza mchira. Anakumbutsana za nthiti za ku Khilanmarg, za chileyi cha 1998 ndi amene anachimanga molakwika, za buledi wa 1981. Khazir ankatsokomola pakati pa mawu, n'kukweza dzanja kuti Sona asalowerere, ndipo Sona ankadikiradi kuti chifuwa chithe asanamutukwane.

Mphindi makumi awiri zija zinathera pamenepo. Irshad analiza injini.

"Bambo, ndege siidikira. Bambo Sona, mutikhululukire."

Anamunyamula Khazir m'khwapa n'kumulowetsa kumbuyo. Kambaula kaja anali akadali nako pamiyendo, madzi akuda akudontha kuchokera pansi pake n'kunyowetsa bulangeti. Mpongozi anafuna kukatenga, iye anakaniza. Anatsitsa galasi ngati akufuna kunena kanthu, koma chifuwa chinamugwira, ndipo galimoto inatuluka pachipata akutsokomolabe. Sona anaima manja ali m'mkanjo mpaka fumbi linakhazikika.

Pobwerera, titafika pa mphambano, Sona anati, "Akanangonena kuti ndabera poyamba pomwe." Ndinakhotera kwathu.

Chipale chinagwa pa 31 Januwale, patangotha sabata. Chinayamba m'bandakucha, ndipo pofika masana chinali chitafika m'mawondo. Galimoto zinandandalika kuchokera pa benchi ya Sona mpaka ku mlatho, madalaivala akuimba mahutala, aliyense akufuna matcheni nthawi yomweyo. Tsidya lina chitseko chachitsulo cha sitolo chinali chotseka, ndipo alendo ovala nsapato za m'tauni ankachigogoda n'kumafunsa kumene angapeze majombo.

Foni yanga inalira ndili pa mzere wa buledi. Anali Khazir. Mawu ake anali aang'ono, kumbuyo kukumveka phokoso la mzinda.

"Aphunzitsi, ndaona pa kanema. Chagwadi?"

"Chagwa."

"Chochuluka bwanji? Muwafunse a matcheni, amenewo ndiwo amagona m'menemo."

Ndinawoloka msewu, chipale chikulowa m'nsapato. Sona anali chagada pansi pa galimoto yoyera, miyendo yokha ikuoneka, akulimbana ndi ngowe ya tcheni.

"Mnzako akufunsa kuti chagwa chochuluka bwanji."

Miyendo ija inaleka kugwedezeka. "Muwauze kuti chafika m'mawondo. Muwauzenso kuti chachedwa ngati nzeru zawo."

"Aphunzitsi, ndamva," inatero foni. "Muwauze kuti mawondo awo ndi aafupi, asanamize anthu."

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, ndipo buledi wanga anali akuzizira. Ndinakweza mawu a foniyo mpaka pamapeto, ndinawerama, n'kuiika pa chipale pafupi ndi khutu la mlongo wanga, pansi pa galimoto ya mlendo.

"Auzane okha," ndinauza dalaivala, amene ankandiyang'ana modabwa. "Mukamachoka musaiponde."

Harisa sanadye, ndipo sindikhulupirira kuti adzadyanso, pakuti dokotala wa ku Hyderabad wanena kale zake. Pamene ndinkawoloka kubwerera, kumbuyo kwanga mahutala anali akulira, ndipo pansi pa galimoto paja munthu anali akukalipira foni kuti chipale chachikulu chinali cha 1986, osati cha 1985. Onse awiri analakwitsa chaka, koma sindinabwerere kukawakonza.